Lipoti la nkhani: wophunzira amene anadula miyendo 48 yaifupi m'shopu ya ukalipentala ya kundende

Ndimaphunzitsa ukalipentala m'shopu ya ndende ina kuno ku Lilongwe. Dzina la ndendeyo, la mnyamata amene ndikufotokoza, ndi la sukulu imene inatipatsa oda, sinditchula. Lipotili ndalembera anzanga amene mumayendetsa mashopu ngati yathu, kaya ndi ya matabwa, yosoka zovala kapena yowotcherera zitsulo, kumene ndalama yogulira zipangizo za mawa imachokera pa zimene mwagulitsa lero. Cholakwa chachikulu m'nkhaniyi chinali changa, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chosavuta kuchichita kulikonse kumene shopu ikudzidyetsa yokha.

Momwe shopu imayendera

Zida zoyambira tinapatsidwa ndi gulu lina la mpingo. Kuchokera pamenepo shopu imadzidalira. Timapanga madesiki, mabedi, mafelemu a zitseko, matebulo ndi masitulu, ndipo zimene tagulitsa zimagula matabwa, misomali, guluu, vanishi ndi sandipepa. Ndalama zimayang'aniridwa ndi komiti ya anthu anayi: mkulu wa ndende, wowerengera ndalama, ofisala wa zachitetezo ndi ine. Pa nthawi ya nkhaniyi ophunzira analipo 14, onse ogamulidwa kale, popeza a pa rimandi salowa m'shopu.

Tsiku la ntchito ndi lalifupi. Timayamba akaidi akawerengedwa m'mawa, ndipo tiyenera kuweruka nthawi yotsekera maselo isanakwane, dzuwa likadali m'mwamba. Pakhoma tinajambula chithunzi cha chida chilichonse pamalo pake, moti tchizulo imodzi ikasowa pamaoneka mthunzi wake wokha, ndipo palibe atuluke mpaka ipezeke. Zida timaziwerenga kawiri pa tsiku. Zidutswa za matabwa zokha sitinkaziwerenga, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi inadzalowera.

Kuti oda ituluke msanga m'maola ochepa chonchi, ndinali nditagawa ntchito ngati mzere: awiri amapala matabwa, awiri amadula, atatu amaboola motisi (bowo lolumikizira matabwa) ndi kusema tenoni (nsonga yolowa m'bowolo), ena amalumikiza, ena sandipepa ndi vanishi. Munthu akazolowera pamalo pake ndinkamusiya pomwepo. Katundu ankatuluka bwino, komiti inkasangalala, ine ndemwe ndinkaona ngati zikuyenda.

Mnyamatayo

Anali ndi zaka 24, kwawo ku Chinsapo, kumene ankakhala ndi mayi ake. Anagamulidwa pakati pa chaka cha 2022 kukhala kundende zaka zitatu akugwira ntchito yakalavulagaga, pa mlandu wothyola golosale usiku ndi anzake awiri. Unali mlandu wake woyamba. Lamulo la ndende linkalola kuti mkaidi wakhalidwe labwino ndi wolimbikira ntchito achotseredwe gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake, ndiye iye ankayembekeza kutuluka atakwanitsa miyezi 24, pakati pa 2024.

Chaka choyamba anagwira kudimba. Anabwera kushopu mu Julayi 2023, nyapala (mkaidi woyang'anira anzake) wa selo yawo atamuchitira umboni kuti ndi munthu wofatsa, wosakonda mikangano. Pa fomu yolowera, pamene pamafunsa sukulu, panalembedwa kuti Sitandade 7. Sindinamuyese. Ndinamupatsa sowo ndi thabwa, ndinaona kuti dzanja lake ndi lowongoka, ndipo sabata yomweyo ndinamuika pa benchi yodulira.

Zizindikiro zinalipo, koma ndinaziona mbali yake yabwino yokha. M'mawa uliwonse sankafuna kuyamba kudula iye, ankati, "Ayambe anzangawa bwana, ine ndikunola sowo." Tepi yake inkakhala yopinda pa benchi tsiku lonse, komabe zodula zake zinali zofanana ngati zatuluka m'makina. Ndikajambula ntchito pa bolodi ankakhala kumbuyo kwa anzake. Ndinkangoti ndi manyazi a munthu wofatsa.

Miyendo 48

Mu Okutobala 2023 sukulu ina yoyima payokha inatipatsa oda ya madesiki 60 a anthu awiriawiri, oti akhale atafika teremu ya Januwale isanayambe. Tinagwirizana mtengo, analipira theka, ndipo ndi ndalamayo tinagula gawo limodzi la matabwa a paini, poganiza kuti otsalawo tidzagula ntchito ikamapita. Mu Novembala ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Guluu, vanishi, misomali ndi sandipepa, zambiri mwa izo zochokera kunja, zinakwera m'masiku ochepa, ndipo matabwa anatsatira chifukwa cha mafuta a galimoto zowabweretsa kuchokera kumpoto ndi ku Dedza. Kotesheni yathu inalibe mawu onena kuti mtengo ugwira ntchito masiku angati. Tinapita kusukuluko kukapempha kuti tikambiranenso, koma anatisonyeza pepala limene tinasainira, ndipo anali ndi ufulu wotero. Kuyambira pamenepo thabwa lililonse linali ndi mtengo wa magazi.

Madesiki 30 oyamba anali a ana a makalasi ang'onoang'ono, miyendo yake mamilimita 580. Otsalawo anali a makalasi akuluakulu, miyendo mamilimita 700. Lolemba lina m'mawa ndinafufuta 580 pa bolodi n'kulemba 700, ndinauza gulu lonse pakamwa kuti tasintha saizi, kenako ndinaitanidwa ku ofesi pa nkhani yomweyi ya mitengo. Mnzake wa pa benchi yodulira anali kuchipatala cha ndende tsiku limenelo. Mnyamatayo anatsala yekha.

Nditabwerera ndinapeza mulu wa miyendo utasanjidwa bwinobwino pakona, 48, yokwanira madesiki 12. Ndinaika tepi pa umodzi: 580. Wachiwiri: 580. Yonse. Thabwa lalitali ukhoza kulidulanso, koma lalifupi silibwerera. Ndinakwiya, ndipo ndinamukalipira pamaso pa anzake. Iye anangoima sowo ili m'manja, maso pansi, osayankha.

Masana omwewo, pofufuza akaidi asanalowe m'selo, msilikali anapeza kamtengo kobisidwa m'mphepete mwa kabudula wa yunifomu yake. Kanali kachidutswa ka paini kopyapyala, kotalika ngati mkono, kopalidwa bwino, kokhala ndi timizere tosemedwa m'mbali zonse zinayi. Mbali ina timizereto tinali ndi kachizindikiro ka mtanda, ina kabowo, ina timadontho tiwiri.

Madzulo a tsiku limenelo nkhani inali itapsa kale. Ena ankati kamtengoko kanali koti akasongole kakhale chida. Ena ankati ndi muyeso wa zitsulo za pawindo. Ndipo popeza zinachitika tsiku limodzi ndi miyendo ija, ambiri anagwirizanitsa: mnyamatayu waononga matabwa dala, ali ndi mtima woipa. Mlandu woononga katundu mwadala ndi wokhala ndi chinthu choletsedwa ukanamulanda masiku ake ochotseredwa, ndipo kushopu sakanabwereranso.

Kamtengo

Amene anandiimitsa anali mkaidi wachikulire, wa zaka zoposa 60, amene anagwirapo ukalipentala ku Mchesi asanamangidwe. Tonse tinkangowatcha madala. M'mawa mwake, tikuwerenga zida, anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu, "Bwana, kamtengo kaja mukakaike pa mwendo wa desiki yaing'ono musanalembe lipoti." Galu wamkota sakandira pachabe. Ndinapempha ofisala wa zachitetezo kuti abwere nako kushopu, iye ali pomwepo.

Tinakaika pa mwendo. Mzere wa mtanda unagwera ndendende pa 580. Mzere wa kabowo unali m'lifupi mwa thabwa lokhalira. Timadontho tiwiri tinali pamene pamayambira motisi. Titatembenuza mbali ina tinapeza miyeso ya mafelemu a zitseko amene tinapanga mu Ogasiti, mbali inanso ya masitulu. Ntchito yonse imene anadula chibwerereni kushopu inali pa kamtengo kameneko.

Ndinamuitanira kuseri kwa shopu, kumene timayanika matabwa, msilikali ataima patali pang'ono. Ndinatambasula tepi n'kumuuza kuti andisonyeze 700. Chala chake chinayendayenda, kenako chinaima pa 7 wa mbali ya mainchesi.

"Mphwanga, sukulu unalekezera pati?"

Anakhala chete nthawi yaitali. "Sitandade 3, bwana. Bambo atamwalira."

"Nanga pa fomu paja?"

"Anandiuza kuti osadziwa kuwerenga samatengedwa. Kudimba dzuwa, bwana. Ndiye ndinkafuna ndituluke ndi kenakake m'manja."

Manambala kuyambira 1 mpaka 100 ankawadziwa, ndalama ankawerenga bwino, koma nambala ya manambala atatu yolembedwa pa bolodi, ndi timizere tating'ono ta pa tepi, zinali mdima. M'mawa uliwonse ankadikira mnzake adule chidutswa choyamba, iye n'kukopera utali wake pa kamtengo. Ankakabisa m'thupi chifukwa ankaopa kuti akakasiya m'shopu kasesedwa ndi utuchi, kapena ndikaona ine. Lolemba lija anamva kuti saizi yasintha, koma panalibe wokopera, ndipo kufunsa kukanamuulula. Anadziuza kuti mwina kusinthako ndi kwa thabwa lapamwamba, n'kupitiriza ndi mzere wa mtanda.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa anzanga ena nditawafotokozera anangoti safunsa anadya phula. N'zoona, akanafunsa. Koma kamtengo kotere si chinyengo. Akalipentala akale, ndi ambiri a lero amene amapanga zinthu zofanana zambirimbiri, amasema miyeso yonse ya ntchito pa ndodo imodzi kuti asamabwerezebwereze tepi, ndipo njira imeneyi imachepetsa zolakwa. Mnyamatayu anaitulukira yekha, popanda womuuza. Amene analephera ndi mphunzitsi amene anakhala naye miyezi inayi osadziwa kuti wophunzira wake sawerenga tepi. Ndipo sindinadziwe chifukwa mzere wanga wa ntchito sunkafuna kuti ndidziwe. Bola miyendo ikutuluka yofanana, panalibe chondichititsa kufunsa. Akanatuluka mu 2024 ali ndi dzina loti anaphunzira ukalipentala chaka chathunthu, koma osatha kuyeza khomo la munthu.

Tsiku lotsatira ndinayesa ophunzira onse 14, mmodzimmodzi, kuseri komweko kuti wina asachite manyazi. Asanu ena sankatha kuwerenga mamilimita. Awiri mwa iwo ankawerenga mainchesi okha, monga amachitira ogulitsa matabwa, amene amalankhula za mafiti ndi mainchesi pamene zojambula zathu zili m'mamilimita. Onse asanu anali pa sandipepa kapena pa vanishi, kumene tepi siifunika. Ndinawaika kumeneko ine ndemwe.

Zimene komiti inagamula

Msonkhano sunali wophweka, ndipo aliyense anali ndi mfundo yomveka. Wowerengera ndalama anati shopu ili kale m'madzi ndi oda ya sukulu ija, ndipo ikagwa, ophunzira onse 14 abwerera kukakhala m'selo. Munthu woononga matabwa pa nthawi ngati imeneyi achoke, alowe wina wodziwa kuwerenga. Ofisala wa zachitetezo anavomereza kuti kamtengoko sikanali chida, koma anati mtengo ndi mtengo, ukalowa m'selo yodzaza anthu ukhoza kugwera m'manja mwa wina, ndipo akalekerera uyu mawa alowetsa msomali.

Ine ndinapempha kuti milandu iwiriyi isiyanitsidwe. Wa kamtengo ndinauvomereza. Wa kuononga dala ndinaukana, ndipo ndinalemba m'lipoti kuti kusintha kwa saizi ndinangokunena pakamwa ndi kulemba pa bolodi, osasiya chitsanzo pa benchi, osaonetsetsa kuti wodulayo wamva. Ndinakumbutsanso komiti za malamulo a bungwe la United Nations osamalira akaidi, amene anavomerezedwa mu 2015 ndipo amatchedwa ndi dzina la Nelson Mandela. Lamulo 99 limati zofuna za akaidi ndi maphunziro awo a ntchito zisaikidwe pansi pa cholinga chopanga phindu. Lamulo 104 limati akaidi osadziwa kulemba ndi kuwerenga aziphunzitsidwa. Ndinati tikachotsa munthu chifukwa sadziwa kuwerenga, ndiye kuti shopu tayamba kusankha anthu otipindulitsa, osati ofuna kuphunzira, ndipo zikatero tisamadzitche sukulu.

Mkulu wa ndende anagamula motere: pa kamtengo, chenjezo lolembedwa ndi masabata awiri osalowa m'shopu, masiku ake ochotseredwa asakhudzidwe, za kuononga dala zithe. Analamulanso kuti zidutswa zonse zotalika kuposa chikhatho zizisonkhanitsidwa m'bokosi lokiya tisanaweruke. Kamtengoko kanabwezedwa kushopu, kanajambulidwa pakhoma ngati chida china chilichonse, n'kumawerengedwa m'mawa ndi masana.

Madesiki tinapereka mochedwa ndi masabata awiri, ndipo oda yonseyo inatiluzitsa. Kuyambira pamenepo kotesheni yathu imanena kuti mtengo ugwira masiku 14, ndipo dipoziti ikangolowa timagula matabwa onse a odayo nthawi yomweyo.

Miyezi imene inatsala

Atabwerera kushopu mu Disembala anali atatsala ndi miyezi pafupifupi 6. Funso linali lakuti m'nthawi yochepa chonchi timupatse chiyani. Ndinasankha zinthu zitatu: kuyeza, kupanga chinthu chathunthu kuyambira pa thabwa mpaka vanishi, ndi kuwerengera mtengo. Zokongoletsa ndi malumikizidwe ovuta ndinazisiya dala.

Kuyeza tinayambira pa kamtengo kake. Ndinkakagoneka pambali pa tepi, iye n'kuwerenga pamene mzere uliwonse wagwera. Popeza utali wake ankaudziwa kale ndi manja, nambala inkangobwera kudzatchula chinthu chodziwika. Madala aja anajambula tepi yaikulu ndi choko pakhoma, sentimita imodzi yaikulu ngati phazi, yogawidwa pakhumi, ndipo asanu aja ankayamba tsiku ataima pamenepo. Mamilimita tinkawafanizira ndi ndalama: 700 ndi mapepala asanu ndi awiri a K100, 580 ndi asanu a K100 ndi anayi a K20. Zimenezi anazigwira tsiku lomwelo. Masiku awiri pa sabata ankapitanso kusukulu ya m'ndende momwemo, kumene akaidi ophunzira amaphunzitsa anzawo, kukaphunzira kulemba.

Miyendo 48 ija ndinamupatsa iye. Ndinati ndi yako, uipezere ntchito. Anaganiza masitulu, miyendo inayi pa situlu, 12 onse. Situlu iliyonse anaipanga yekha: kufupikitsa miyendo, kuboola motisi, kusema tenoni, kumata, kupanikiza, kupala, vanishi. Yoyamba inkagwedera, chifukwa tenoni anazisema zowonda poopa kuti sizilowa. Yachiwiri anang'amba mwendo pokhomerera. Kuyambira yachinayi zinayamba kukhala pansi bwino. Ndimakumbukira akugwedeza yachisanu ndi manja onse awiri pa simenti, n'kuikhalira, n'kuimirira, n'kuigwedezanso, kenako anaitana madala kuti akhalepo. Aka kanali koyamba kuona chinthu chathunthu chotuluka m'manja mwake. Masituluwo anagulidwa ndi mabanja a asilikali ndi anthu odzaona abale awo, ndipo anabweza gawo la ndalama ya matabwa aja, osati yonse.

Kuwerengera mtengo ndiko kunavuta koposa. Ankawerenga matabwa ndi misomali n'kuima pomwepo. Guluu, sandipepa, vanishi, mayendedwe, kutha kwa zida, ndi thukuta lake, zonse ankaziiwala. Ndikamufunsa kuti ntchito ya manja ako ndi ndalama zingati, ankaseka mwamanyazi n'kunena kuti, "Chilichonse chimene munthu angapereke, bwana." Munthu amene wagwira ntchito zaka ziwiri osalandira kanthu amaiwala kuti tsiku lake lili ndi mtengo. Ndinamupangira kabuku ka mizere isanu ndi umodzi, mzere uliwonse ndi chithunzi chake pambali pa mawu, ndipo oda iliyonse yolowa m'shopu ankayamba waiwerengera iye tisanafanizire ndi yanga.

Dongosolo la shopu yonse tinalisintha. Masiku atatu pa sabata ndi a maoda, awiri ndi a maphunziro, ndipo palibe wokhala pa benchi imodzi kupitirira mwezi. Katundu wotuluka anachepa, ndipo kwa miyezi itatu wowerengera ndalama ankandisonyeza buku lake nkhope ili gwa. Sindimamuimba mlandu. Tinakana oda imodzi yaikulu ya mabedi chifukwa sitikanaikwanitsa pa nthawi yake, ndipo mpaka lero mtima umandipweteka nayo. Zinayamba kubwerera pamene ophunzira anatha kulowa m'malo mwa anzawo odwala kapena otuluka, zimene kale zinkaimitsa mzere wonse.

Chinthu china chimene ndinachiona nditayamba kuyang'anitsitsa ndi chakuti zolakwa zambiri zinkachitika dzuwa likayandikira paliwombo. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti lalikulu linagamula kuti kuthithikana m'ndende za dziko lino kukuphwanya ufulu wa akaidi, ndipo nkhani ya chakudya chosakwanira inali pakati pa madandaulo a mlanduwo. Munthu wopala matabwa kuyambira m'mawa m'mimba muli zii, manja amayamba kunjenjemera, ndipo tchizulo siikhululuka. Komiti inavomera kuti shopu izigula ufa wa phala la soya ndi shuga. Timaziwerengera pa mtengo wa katundu ngati mmene timawerengera guluu.

Malipiro enieni ophunzira athu salandira, ndipo ichi ndimachiona ngati ngongole imene tili nayo. Lamulo 103 la malamulo a Mandela aja limanena za malipiro oyenera, ndi kuti gawo lina lizisungidwa kuti mkaidi adzalandire potuluka. Chimene tinakwanitsa n'kupatula kachigawo pa katundu aliyense wogulitsidwa kuti wotuluka azigulidwa zida.

Atatuluka

Anatuluka mu Juni 2024. Mayeso a boma a ntchito zamanja, otchedwa Trade Test, sanalembe, chifukwa kuwerenga kwake kunali kusanafike poti n'kulemba mbali ya pepala. Pageti analandira bokosi limene anakhoma yekha, muli sowo, puleni, hamala, matchizulo awiri, sikweya, tepi ndi mwala wonolera. Tinamupatsanso makalata awiri odinda. Ina inkafotokoza zimene amatha kupanga. Inayo inkatchula chida chilichonse cha m'bokosimo ndi kunena kuti n'chake. Kalata yachiwiriyi anzanga musamaiiwale: mnyamata wongotuluka kumene pa mlandu wakuba, atanyamula bokosi la zida zatsopano, akhoza kufunsidwa asanafike n'kunyumba komwe.

Ku Mchesi, kumene akalipentala ali mbali zonse za msewu, eni mashopu awiri anamubweza atangoona chidindo cha ndende. Wachitatu, bambo wachikulire wopanga mabedi ndi mabokosi a maliro, sanawerenge n'komwe kalatayo. Anamupatsa tepi ndi thabwa n'kumuuza kuti adule mamilimita 1,900. Anadula. Anayamba kumulipira pa chinthu chilichonse chimene wamaliza.

Patatha miyezi iwiri puleni ya mwini shopu inasowa. Palibe anamutchula dzina, koma onse anasiya kulankhula iye akalowa. Tsiku lachitatu sanapitenso. Mayi ake ndi amene anandiimbira foni patatha masabata atatu: "Bambo, mwana wanu uja wayambiranso kuyenda ndi anzake akale, akubwera usiku akununkha kachasu. Ine ndalephera." Loweruka ndinapita ku Mchesi. Puleni inali itapezeka kalekale, anaibwereka kalipentala woyandikana nawo osanena, koma panalibe anaganiza zokamuuza mnyamatayo. Mwini shopu anachita manyazi, ndipo anavomera kupita nane ku Chinsapo. Tinamupeza atakhala pakhonde, bokosi la zida lili pansi pa bedi, losagulitsidwa ngakhale chida chimodzi. Bamboyo anapepesa pamaso pa mayi ake. Mnyamatayo anati, "Ndikanakhalabe, chikanasowa china." Sindinapeze chomuyankha, chifukwa sankanama. Anabwerera kuntchito Lolemba lachiwiri.

Apa ndinaphunzira kuti kalata yokha siikwanira. Tsopano wophunzira akatuluka n'kupeza malo, ndimapita kukaonana ndi mwini malowo sabata yoyamba, n'kusiya nambala yanga kwa iye ndi kwa wachibale mmodzi. Izi ndimachita pa nthawi yanga, ndipo sindingakwanitse kwa onse. Amene akwawo ndi kutali, ku Mchinji kapena ku Kasungu, ndimangomva pa foni ngati aimba.

Pamene ndikulemba, padutsa chaka ndi miyezi ingapo chitulukireni, ndipo sanamangidwenso. Masiku atatu amagwira ku Mchesi, otsalawo pansi pa mtengo wa mango kunyumba kwa mayi ake, kukhoma masitulu ndi kukonza zitseko za anthu a m'dera. Mavuto awiri akadalipo. Anthu amatenga katundu pa ngongole, ndipo iye amaopa kukalonjerera, poganiza kuti mkangano uliwonse ukafika kupolisi wokhulupiriridwa sakhala iye. Ndipo popanda satifiketi, makampani omanga nyumba samulemba.

Mwezi watha anabwera pageti ndi pepala la kotesheni ya mafelemu 6 a nyumba ina ku Area 25, lolembedwa ndi dzanja lake, miyeso yonse m'mamilimita. Matabwa, misomali, guluu ndi ntchito ya manja zinalipo. Anaiwala mayendedwe, tinawonjezera. Oda anaipeza. Tagwirizana kuti Loweruka lililonse azipita kwa mphunzitsi wina wopuma pantchito wa kumpingo kwawo kukaphunzira kuwerenga mafunso a mayeso, ndipo ndalama yolembetsera Trade Test akusungitsa kwa mayi ake, yafika theka.